Kuwomba m'manja si kuvomera

Aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa chitukuko kumudzi amadziwa mmene umathera. Alendo afika pa galimoto dzuwa litapendeka, anthu atatopa kale ndi kudikira. Mipando yobwereka kusukulu yaikidwa pamthunzi, ndipo pakhala a gulupu, anyakwawa, alendowo ndi a komiti. Abambo ali pa mabenchi ndi pa njerwa. Amayi ali pansi chapatali, miyendo atatambasula, ana kumsana. Pemphero, malonje, kenako mlendo wamkulu afotokoza kuti mjigo ukumbidwa pafupi ndi msewu, ndipo khomo lililonse lizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kokonzera ukawonongeka. A gulupu aimirira n'kuthokoza, n'kunenetsa kuti mudzi uno ndi wokonda chitukuko. Ndiye pamabwera funso lija: "Alipo ali ndi funso kapena chowonjezera?" Zii. "Tagwirizana eti?" "Eeee!" M'manja, nthungululu. Mlembi alemba m'lipoti kuti anthu onse agwirizana nazo.

Msonkhano weniweni umayamba galimoto ikangokhota. Panjira amayi akufunsana kuti a kutsidya kwa mtsinje azidzawoloka bwanji m'dzinja ndowa ili pamutu. Wina akuti malo asankhidwawo ali kuseri kwa nyumba ya mlamu wa a gulupu, ndipo si mwangozi. Wina akukumbutsa kuti msungichuma wasankhidwayo ndi yemwe uja adasowetsa ndalama za njerwa za sukulu. Palibe mwa mawu amenewa adamveka pabwalo. Pakatha chaka, chosonkhacho chaima, mjigo wafa, ndipo ku ofesi ya alendo aja akuti anthu akumudzi ndi osayamika, amavomera ndi pakamwa pokha.

Ine ndikuti anthuwo sadaname. Adayankha funso limene adafunsidwa, pamalo pamene adafunsidwira, pamaso pa amene adalipo. Funso la "tagwirizana?" likabwera mfumu itathokoza kale alendo, khutu la munthu wokulira kuno limamva funso lina: kodi alipo akufuna kuchititsa manyazi a gulupu pamaso pa alendo? Yankho loona la funso limenelo ndi lakuti palibe. Wolakwitsa ndi wofunsayo. Komanso sindigwirizana ndi ophunzira ena amene akaona zotere amati vuto ndi chikhalidwe chathu, ati ndife amantha, tiphunzire kulankhula mosapsatira ngati azungu. Makolo athu ankadziwa bwino kuti pagulu munthu sanena zonse, ndipo adalambula tinjira tam'mbali todutsira mawu olemera. Ife tasunga ulemu ndi mantha a pabwalo, koma tinjirato tatisiya tamera udzu.

Tiyambe taona mtengo wa kukweza dzanja. Mayi wa kutsidya uja akaimirira kunena kuti malowo ndi okondera, alendo akwera galimoto n'kupita, iye atsala. A gulupu omwewo ndi amene adzaweruze mlandu wa malire a munda wake. Ndi omwewo amene ali ndi mawu pa mndandanda wa olandira chimanga m'chaka cha njala. Mwana wake akadzamwalira, ndi omwewo adzapereke malo kumanda. Mwamuna wake akaimva nkhani isanafike n'komwe kunyumba: akazi anu alankhula lero, mwawalephera kodi? Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mayiyo sakuchoka n'komwe, akhala pomwepo mlomowo ukumuyang'ana tsiku ndi tsiku. Akakhala chete wawerengera bwino. Amene sadawerengere ndi mlendo amene akufuna choonadi chaulere kwa munthu amene achilipire yekha.

Pali chinthu china chimene misonkhano ya masiku ano idatembenuza. Pabwalo la milandu la makolo, mfumu sinkayamba. Wodandaula ankafotokoza, woyankha ankafotokoza, mboni zinkalankhula, nduna zinkafunsa mafunso n'kupotoza nkhani uku ndi uku, akuluakulu ena n'kuponyapo. Mfumu inkamvetsera, nthawi zina ngati ikusinza, n'kugamula pamapeto itamva kumene mphepo ikulowera. Anthu ankatha kutsutsana momasuka chifukwa panalibe mawu a mfumu oti awaponde. Lero kutchalitchi, ku ofesi, ku komiti ya sukulu, wamkulu ndiye amatsegula ndi maganizo ake onse, n'kumaliza ndi kuti "koma ndimve kwa inu". Chotsatira chake timachidziwa: "Monga anenera bwana..." Wachiwiri: "Ine ndingotsindika pa mfundo ya bwana." Wachitatu athokoza bwana chifukwa cha utsogoleri wawo. Tiyi, alawansi, kubalalika.

Amene amati matendawa ndi a ife tokha awerenge zimene katswiri wa maganizo a anthu Solomon Asch adapeza ku America m'zaka za m'ma 1950. Ankasonkhanitsa ophunzira a pakoleji, 7 mpaka 9 m'chipinda, n'kuwaonetsa mzere umodzi pakhadi ndi mizere itatu pakhadi lina, kuti anene wofanana kutalika ndi woyamba uja. Funso losavuta, loti munthu akakhala yekha sankalakwa pafupifupi n'kamodzi komwe. Koma onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, adali atapangana ndi Asch kuti nthawi zina azitchula yankho lolakwika mokweza, mmodzimmodzi, wosadziwayo n'kuyankha chakumapeto. Mwa anthu 4 aliwonse, 3 adatsata gulu kamodzi kapena kuposa, kukana zimene maso awo ankaona. Mayankho opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu adali otsata gulu. Awa adali anyamata a dziko lonyadira kuti aliyense amaima payekha, pakati pa anthu osawadziwa, opanda mfumu, opanda munda woti alandidwe.

N'zoona kuti chikhalidwe chimawonjezera. Mu 1996 Rod Bond ndi Peter Smith adasanthula kafukufuku 133 wa mtundu womwewu wochokera m'maiko 17, ndipo adapeza kuti kutsata gulu kumakula m'maiko amene munthu amadziona kudzera mwa abale ndi mudzi wake. Sitingakane kuti ife tili kumeneko. Koma kwa ine zofunika kwambiri ndi zinthu ziwiri zimene Asch yemweyo adaona atasintha kachitidwe. Munthu mmodzi yekha m'gulumo akatchula yankho loona, wosadziwa uja ankalimba mtima, ndipo kulakwa kunkatsika kufika pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi a poyamba. Akaloledwa kulemba yankho papepala m'malo molitchula, kutsata gulu kunkatsikanso kwambiri. Mtima wa munthu sudasinthe. Chidasintha ndi kakonzedwe ka chipinda.

Makolo athu sadawerenge Asch, koma kakonzedweko ankakadziwa. Taonani ukwati. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso, akakumana panjira wina amapatuka. Mlendo angaganize kuti pamenepa mawu atsekeka. Ayi ndithu, ndi chifukwa chake pali ankhoswe. Mkazi amene mwamuna wake akugona ku mowa sapita kukatukwana apongozi, amapita kwa nkhoswe yake, nkhoswe ipita kwa inzake ya kuchimuna, ndipo mawu amene akadayatsa moto akadatuluka m'kamwa mwa mwini wake amafika atazizira, koma amafika. Wolakwayo amadzudzulidwa ndi mbale wake yemwe, m'nyumba, popanda gulu loonerera. Nkhope yake yasungidwa, nkhani yanenedwa.

Taonaninso mtondo. Amayi awiri kapena atatu akusinja, misi ikusinthana, ndipo mmodzi ayambitsa nyimbo. Dzina silitchulidwa. Nyimbo ikunena za mwamuna wina amene amagulira nsalu mkazi wamng'ono yekha, kapena za apongozi ena owerenga nthongo za nsima ya mtengwa. Mudzi wonse ukumva, mwini nkhani akumva ali pakhonde akusema mpini, ndipo sangapite kwa mfumu kukasuma chifukwa kusumako ndiye kuvomera kuti ndi iyeyo. Anzake oyankha nyimboyo ndi mboni, ndi uja mmodzi wa Asch amene amanena kuti inenso ndikuona zomwezo. Chigayo chidatipeputsira ntchito, ndipo sindikufuna mayi aliyense abwerere ku matuza a m'manja, koma tivomereze kuti pa mzere wa kuchigayo, injini ikubangula, palibe amene angaimbe za apongozi.

Tinjira tina tikadalipo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, si wa maliro ndi chinamwali chokha. Chilombo chimavina khalidwe la munthu waumbombo, wachiwerewere, wodzikuza, ndipo chilombo sichiitanidwa ku bwalo kukayankha mlandu wonyoza. Simoni wa nkhope yofiira uja adaseka mzungu mzunguyo akulamulira. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400, muli zambiri zonena za mphamvu ndi olamulira. Kwa Atumbuka, nyimbo za Vimbuza zimapatsa mayi wodwala mpata wotulutsa zimene zikumudya m'banja. Asuweni amanyozana poyera mawu oti mlongo sangakuuze, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba adafika pokhala pa chisuweni mitundu yathunthu, mpaka kuserewulana pamaliro. Ngakhale adzukulu kumanda ali ndi mphamvu yawo: munthu wolemera amene sapezeka pamaliro a anzake amadzamva zoona tsiku limene akufuna dzenje, makasu ataikidwa pansi.

Zonsezi zili ndi mfundo imodzi. Mudzi unkadziwa kuti wamng'ono sangayang'ane wamkulu m'maso n'kunena kuti mwalakwa, ndiye unkakonza munthu, nthawi kapena chovala choti mawuwo adutsiremo popanda wowanena kuphedwa nawo. Ofesi ya boma, kampani, sinodi, chipani, zidatenga kugwada ndi "bwana" kumudzi, koma sizidatenge nkhoswe. Kalaliki amene waona kuti mabuku a ndalama sakuyenda bwino alibe mtondo.

Dziko lino lidayesapo kutseka tinjira tonse, ndipo tikudziwa chidachitika. Kuyambira 1966 Malawi adali wa chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Ngodya zinayi tidaziloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Onani kuti onsewa ndi mawu abwino a kumudzi, ongobwerekedwa. Khadi la chipani linkafunsidwa pamsika ndi pokwera basi. Amayi a mbumba ankavina atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi, masitediyamu ankadzaza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto ku Mwanza. Ambiri sadakhulupirire, koma ankanong'onezana ndi okhawo owadalira, atayang'ana kaye kumbuyo. Aliyense ankaganiza kuti mwina wokayika ndi iye yekha, poti mnzake dzulo lomweli ankaimba mokweza kuposa onse.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Mudalibe chinsinsi m'kalatamo. Kusiyana kwa olemera ndi osauka, kuchepa kwa mankhwala ndi masukulu, anthu otsekeredwa popanda mlandu, mantha olankhula: wogulitsa tomato aliyense ankazidziwa. Chatsopano chidali chakuti zidanenedwa mokweza, tsiku limodzi, anthu atakhala moyandikana, aliyense akuona nkhope ya mnzake ikuvomereza. Boma lidati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, Monsinyolo John Roche, mmodzi mwa osaina kalatayo, adathamangitsidwa m'dziko, koma zidali zitachedwa. Ophunzira a ku Chancellor College adayenda pamsewu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, womenyera zipani zambiri, adatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pomwepo. Maepiskopi adagwira ntchito ya nkhoswe: anthu a mpando wolemekezeka, ovuta kuwakhudza, onyamula mawu a amene sakadatha kuwanena okha.

Chimene ambiri adaiwala ndi mkangano wa mabokosi. Pokonzekera riferendamu, boma linkafuna mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi, lina la zipani zambiri. Otsutsa adakana, ndipo adali ndi chifukwa: ngakhale kuseri kwa chotchinga, munthu wakumudzi akadaopa kuti wina adziwa kumene pepala lake lagwera. Pamapeto padakhala bokosi limodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa tambala wakuda, woimira chipani chimodzi, ndi nyali, yoimira zipani zambiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali. Ambiri mwa iwo adali omwe aja ovina m'masitediyamu. Ndisanamizire kuti onse ankavina mokakamizidwa: m'chigawo chapakati ambiri adasankha tambala, ndipo adasankha ndi mtima wawo. Ndi pamenepo padagona phindu la bokosilo. Kwa zaka pafupifupi 30 palibe amene akadatha kusiyanitsa wovina mokondwa ndi wovina mwamantha, ngakhale Kamuzu yemwe, amene zikuoneka kuti adaitanitsa riferendamuyo akukhulupirira kuti apambana.

Ndiye n'zodabwitsa kuti zipani zomwe zidabadwa ndi bokosi limenelo zakhala zikuchititsa zisankho zambiri zachipulula poimika anthu pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Opikisanawo amatembenuzidwa kuti asaone, ngati kuti vuto ndi maso awo. Nanga maso a wapampando wa dera? Nanga a mnyamata amene adagawa ndalama usiku, amene waima potero akuwerenga amene adadya koma aima mzere wina? Ku Kenya adayesa njira imeneyi pa chisankho cha 1988, nthawi ya Daniel arap Moi, ndipo idabweretsa manyazi oti patangopita zaka ziwiri adaisiya. Kuno timaitcha kuchita zinthu poyera. Kenako phungu wosankhidwa ndi mzere wautali amakagwa pa chisankho chenicheni, woima payekha amene "adaluza" chipulula n'kudutsa, akuluakulu a chipani n'kumadabwa.

Tsopano ndimve mbali inayo, poti ili ndi mano. Wina anganene kuti tinjira ndikutitamandati tidali tongopepesera ofooka kuti asaphulike. Mayi adaimba pamtondo, mtima udatsika, koma nsalu idapitabe kwa mkazi wamng'ono. Ndipo ankhoswe omwewo ndi amene abweza amayi ambiri otupa maso kwa amuna owamenya, ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sizitulutsidwa. Izi n'zoona, ndipo sindizichepetsa. Nkhoswe ndi amalume kapena achimwene, ali ndi zawo zoteteza, kuphatikizapo dzina la banja. Pali nkhani zimene siziyenera kuzizira panjira. Mwana wogwiriridwa ndi wachibale safunika nyimbo yophiphiritsa, afunika polisi ndi chipatala lero lomwe. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 ndi maofesi othandiza ozunzidwa kupolisi zidabwera chifukwa njira za kumudzi zinkakwirira zambiri. Chimene ndikutengako kwa makolo si yankho lawo pa nkhani iliyonse, koma kuzindikira kwawo kuti kungouza wofooka kuti "lankhula momasuka" si kumuthandiza. Ofesi ya kupolisi ija imagwira ntchito ikakhala ndi chipinda chapadera ndi wapolisi wamkazi. Ikakhala pa kauntala pamene aliyense akumva, mayi amanena kuti adagwa pa njinga.

Ndipo nthawi zina gulu limasintha chifukwa wapampando yemweyo waswa chete. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu, ndipo mafumu ang'onoang'ono olekerera idawaimitsa pa udindo. Sikuti amayi a m'midzi imeneyo adayamba kudana ndi maukwati a ana tsiku limenelo. Ambiri ankadana nawo kale, koma wonena ankaoneka wansanje kapena wonyoza mwambo. Mfumu itanena, kunena kudatsika mtengo, ndipo magulu a amayi adayamba kuulula. Malamulo a dziko adakhwimitsidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma lamulo la ku Lilongwe silimva zonong'onezana za kudambo ngati palibe wozinyamula.

Chete wa gulu amaphanso. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idagwira Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa, misewu idatsekedwa ndi anyamata, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Kodi tikhulupirire kuti aliyense m'magulu amenewo ankakhulupirira za opopa magazi? Ine sindikhulupirira. Mudali aphunzitsi m'midzi imeneyo, mudali akulu a mpingo, mudali anthu odziwa kuti wogwidwayo ndi wodwala misala wa mudzi woyandikana. Koma pa nthawi ngati imeneyo wonena kuti ndi bodza amafunsidwa kuti iwe ukuwaikira kumbuyo bwanji, kapena uli nawo limodzi? Nkhani za ufiti zimayendanso chimodzimodzi, ndipo agogo ambiri aferapo. Mwala woyamba umaponyedwa ndi wokhulupirira, koma bwalo limadzazidwa ndi okayika osalankhula.

Tinkayembekeza kuti foni itimasula. Pang'ono yatimasula: pa mapulogalamu oimba foni pawailesi munthu amadzitcha dzina lopeka n'kudzudzula nduna, ndipo pa Facebook ena amavala nkhope zobwereka ngati chilombo cha makono, kusiyana kwake n'kwakuti chilombo chili ndi dambwe lochilanga chikapyola malire, pamene awa alibe. Koma lowani m'gulu la WhatsApp la banja muone bwalo lakale litasamukira m'thumba. Amalume a ku Johannesburg alemba kuti chiliza cha agogo chimangidwe cha mtengo wakutiwakuti, aliyense asonkhe mofanana. Zala zokweza m'mwamba zingapo. "Zili bwino amalume." Mndandanda wa osonkha uyamba kutumizidwa tsiku ndi tsiku, maina a osapereka ali mbee. Mphwake amene malipiro ake sakwana n'thumba la feteleza sanganene m'gulumo, poti zolemba sizifufutika ngati mawu, ndipo wina azijambula. Amaimbira azakhali pambali. Azakhaliwo ndiwo amalemba mawa lake kuti kodi ana asukuluwa ndi a maganyu tingawachepetsereko? Pamenepo enanso anayi amatulukira. Nkhoswe ija yabwerera yokha, popanda woiitana.

Kumene anthu adaphunzira nkhaniyi ndi magazi ndi m'ndege. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zazikulu, ya KLM ndi ya Pan Am, zidawombana pabwalo kuli chifunga, ndipo anthu 583 adafa. Woyendetsa wa KLM adali mmodzi mwa akuluakulu olemekezeka pakampanipo, mphunzitsi wa oyendetsa anzake. Adayamba kuthamangitsa ndege asadalandire chilolezo chonyamuka. Injiniya amene adakhala kumbuyo kwake adafunsa ngati ndege inayo idachoka kale panjira, mkuluyo adayankha motsimikiza kuti inde, ndipo nkhani idathera pomwepo. Awa adali Adatchi, anthu otchuka ndi kulankhula mosabisa. Pambuyo pa ngozi imeneyi ndi zina, makampani a ndege sadangolalikira kulimba mtima. Adakonza maphunziro ndi malamulo: mawu oikika amene wamng'ono amanena akaona choopsa, udindo wa wamkulu wofunsa ndi kumvetsera, mpaka mphamvu ya wothandizira yolamula kuti kutera kulephereke. Mu 2008 bungwe la WHO lidatulutsa mndandanda wa zoyenera kuchita pa opaleshoni, ndipo chimodzi mwa izo n'chakuti mpeni usadagwire ntchito aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake. Namwino amene watsegula kale pakamwa kamodzi savutika kutsegulanso akaona kuti thonje latsalira m'mimba.

M'zipatala zathu vuto limayambira pakhomo. Agogo akhala pa benchi, maso pansi, adokotala alankhula mofulumira poti panja pali mzere, n'kufunsa kuti mwamva? "Ndamva adokotala." Atuluka n'kukafunsa mlonda kapena mayi wogulitsa nthochi pageti kuti mankhwalawa akuti ndizimwa bwanji. Kusukulu n'chimodzimodzi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo m'kalasi ya ana 100 "mwamva?" amayankhidwa ndi "eeee" wogwedeza malata. Mwana amene sadamve amaphunzira msanga kuti kufunsa n'kudzionetsa umbuli ndi kuchedwetsa anzake. Tikamakula timangosintha malo okhala. Namwino wanzeru safunsa kuti mwamva. Amati, agogo, tandiuzeni, mukafika kunyumba mumwa angati m'mawa?

Choncho katundu ndikumuika pa wokhala pampando, osati pa wokhala pansi. Ngati ndinu bwana, abusa, mfumu kapena mlendo wa pa galimoto, ndipo mukufunadi kumva, njira zake si zodula. Lankhulani pomaliza ngati mfumu ya kale. Yambani ndi wamng'ono m'chipindamo wamkulu asadaike mzere woti onse aimepo. Amayi akambirane paokha, achinyamata paokha, ndipo asankhe wowanenera kuti mawu abwere ngati a gulu, osati a mayi uje. Musafunse ngati alipo wotsutsa, funsani kuti chingalepheretse ntchitoyi n'chiyani, poti pamenepo wotchula vuto akukuthandizani, sakukunyozani. Nkhani ikakhala yolemera musaitseke tsiku lomwelo, mawu a akulu akoma akagonera, ndipo a ang'ono nawonso amafuna usiku woti adutse kwa azakhali. Ndipo woyamba kukutsutsani pagulu, ngakhale atalakwitsa, mumuthokoze anthu akuona, chifukwa onse akuyang'ana chimene chimuchitikire. Mukamuyankha monyodola kamodzi kokha, mwagula chete wa zaka zisanu.

Ena adzati zonsezi zichedwetsa ntchito, ndipo pa chisankho mapepala ndi mabokosi amafuna ndalama. Apite akaone amayi a banki m'khonde amene adaphunzitsidwa bwino akamasankha wapampando ndi msungichuma. Amaika timatumba ta mitundu yosiyana kuseri kwa mtengo kapena chitenje, thumba lililonse kuimira munthu mmodzi. Mayi aliyense amapatsidwa kamwala kamodzi, amapita yekha, n'kubwerako manja ali pambuyo. Timiyala timawerengedwa onse akuona, ndipo tikapanda kukwana chiwerengero cha anthu amabwereza. Amachita zimenezi chifukwa m'bokosi muli ndalama zawo, ndipo sangalole kuti mkazi wa nyakwawa asunge makiyi chabe chifukwa palibe adalimba mtima kuima mzere wina. Chipani chimene chimagula nsalu ndi malaya a anthu masauzande pa msonkhano umodzi chisatiuze kuti chalephera kupeza timiyala.